Chizungu Chimene Ndinatola M'bokosi la Udzu

Mukadzafika kwathu kwa Kapichila n'kumva anthu akukuwa kuti "a Rolo!", musavutike kufunsa kuti dzinalo ndi la mtundu wanji. Si la Chingoni, si la Chitumbuka, ndipo m'busa amene anandibatiza sanalimvepo. Dzinalo ndi langa. Ndinaligula ndi ulemu wonse umene ndinasonkhanitsa kuyambira ndili mnyamata, ndipo chenji sindinalandire. Ndikufotokozerani ndekha nkhaniyi, chifukwa mukaimvera pamsika wa Lundazi amathiramo tsabola wawo.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma Chingerezi sindinachileke. Ndimachitola paliponse, pawailesi, pamatumba a feteleza, ngakhale pakamwa pa makondakitala. Mawu akangondikomera m'khutu ndimawaponya m'thumba, mawa lake ndawagwiritsa kale ntchito. (Kufunsa tanthauzo? Amafunsa ndi ana a sukulu. Ine ndine bambo wa ana akuluakulu, mkulu wa mpingo, mwini khola.) Chifukwa cha pakamwa pomwepa, bungwe lina lophunzitsa za ziweto litafika m'dera lathu, anthu anandisankha kukhala mlimi wotsogolera anzake. Ponditchula ndi dzina la mwana wanga, anati, "Asankheni awiske Tamala, ndiwo amakwanitsa kukamba na azungu." Akanadziwa!

Ntchito yake inali yanzeru, musaiderere. Kwathu ikafika Okutobala ng'ombe zimasanduka nthiti zoyenda. Ndiye a bungwe anatiphunzitsa kumweta udzu mvula ikangotha, kuuyanika, kuusakaniza ndi zotsalira za nshawa, kenako kuupondera m'bokosi la matabwa ndi kuumanga ndi zingwe. Ukatulukamo umakhala mtolo wa makona anayi ngati njerwa yaikulu, ndipo umasungika mpaka chilimwe. Munthu mmodzi amalowa m'bokosimo n'kumaponda ngati akuvina ingoma, wina amakoka chingwe.

Wokoka chingwe wanga anali Nyazimba, mkazi wa a Mtonga. Mayi ameneyu saseka zachabe. Ndiye ankatsogolera amayi kutchalitchi kwathu, ndipo ng'ombe zake amazidziwa kuposa mmene ena amadziwira ana awo. Amuna ake amalondera nyama ku Lukusuzi. Amatha milungu ali kuthengo, ndipo akabwera amabwera ndi nsapato zikuluzikulu, nkhope yosamwetulira, ndi Chingerezi chenicheni chimene anaphunzira poyenda ndi azungu. Changa chinali cha pamatumba, chawo chinali cha pakamwa pa eni ake.

Tsiku lina a bungwe anabwera kudzaona mmene tikuchitira. Anabwera ndi dona wa ku ofesi yawo ya ku Lusaka, komanso mzungu wamtali ngati nsungwi, dzina lake a Kolini. Bokosi linali kuseri kwa khola la a Mtonga. Poona alendo, ndinaponda udzu ndi mphamvu zoposa msinkhu wanga. (Munthu ukamaonedwa ndi mzungu mawondo amaiwala zaka.) Bokosi linapendekeka, ine ndinagwira chingwe kuti ndisagwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali Nyazimba. Tonse awiri tinakagwera pamulu wa udzu n'kugubuduka mpaka pansi. Podzuka udzu unali m'tsitsi, m'makutu, m'kolala.

A Kolini anaseka mpaka kugwira mawondo. Kenako anati, "Well, well! A roll in the hay!"

Dona uja anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine khutu linali litatola kale. Ndinafunsa m'Chingerezi changa ngati limenelo ndilo dzina la ntchito imene tinkagwirayo. A Kolini, akupukuta misozi, anayankha kuti, eya, munthu akhoza kuitchula choncho.

Basi, ndinali nditapeza chuma. Pobwerera kunyumba ndinawasanthula mawuwo ngati katswiri. Hay ndi udzu wouma, zimenezo ndinkadziwa kale. Roll ndi kukulunga, monga timakulungira mphasa kapena fodya. Ndiye kuti kukulunga udzu wouma. Nanga pamenepa pali chofunsa? Ndinadzimvera chisoni kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikungoti "kumanga udzu" ngati munthu wosayenda.

Woyamba kulandira mphatsoyi anali akazi anga.

"Anyina Tamala, lelo taphunzila dzina lenileni la nchito yathu. Amati roll in the hay."

"Kaya amati chani. Kasambeni, mukuniyabwitsa."

"Mawa tiyeni mukaphunzile naimwe."

"Yayi. Udzu umaniyabwa ine. Kachiteni na Nyazimba wanuyo."

Mawu amenewa anawanena okha, ndi pakamwa pawo. Pambuyo pake anawakana, koma ine ndinawamva.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku boma kukagula zingwe. Ndinalowa m'sitolo ya pafupi ndi msika, ya mdala wina amene anakhalitsa ku Kitwe.

"Nifuna chingwe cholimba," ndinatero, "chosaduka olo munthu akoke bwanji."

"Chomangila ng'ombe?"

"Yayi. Cha roll in the hay. Timachita na Nyazimba kuseli kwa khola."

Mdalayo anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Na chingwe?"

"Popanda chingwe vimamasuka."

"Nanga amuna ake?"

"Ali ku Lukusuzi. Akabwela tizawaonetsa."

Anayeza chingwe mwakachetechete, n'kuchikulunga bwinobwino. Pondipatsa anagwira dzanja langa ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mulungu akusungeni, mudala." Ndinatuluka ndikuganiza kuti anthu okhala ku migodi ali ndi ulemu ndithu.

Kenako panabwera za pafoni. A bungwe anatiika m'gulu limodzi, alimi otsogolera, alangizi a zaulimi, ndi a ku ofesi, kuti tizidziwitsana za ntchito. Anzanga ankalemba m'Chinyanja. Ine ayi. Ndinalemba m'Chingerezi kuti sabata imeneyo ine ndi Mrs Mtonga tachita roll in the hay masiku onse kupatula Lamulungu, ndipo msana ukupweteka koma mtima ukusangalala. Posakhalitsa foni inayamba kulira ngati nkhuku yoikira. Tinkhope toseka mpaka misozi tinadzaza tho. Mlangizi wina analemba kuti, "Mudala, muli na mphamvu." Wina anati, "Pa msinkhu wanuwo? Tiuzeni vimene mumadya." Ine ndinayankha moona mtima kuti chinangwa ndi nshawa basi. Dona wa ku ofesi anatuluka m'gulumo, ndipo ndinamumvera chisoni poganiza kuti mayunitsi amuthera.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiimbira kuti, mudala, bwerani kuno tikuuzeni. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Anzanga a pafoni anabweretsa mipando kudzaotha.

Mu Juni a bungwe anakonza tsiku la chionetsero pabwalo la sukulu. Anamanga tenti, anabwereka chimkuzamawu, ndipo mitolo yathu ya udzu anaisanja kutsogolo, bokosi lili pambali. Kunabwera akuluakulu a zaulimi ochokera ku boma, abusa athu ndi amayi a kunyumba kwawo, a Kolini, ndi khamu la anthu a m'midzi. Akazi anga anakhala pamphasa pamodzi ndi amayi anzawo. Ndipo pamzere wachiwiri wa mipando panali a Mtonga, amene anangofika m'mawa womwewo kuchokera kuthengo, atavala yunifolomu yobiriwira. Mfuti anali ataisiya kukampu, koma munthu wozolowera kunyamula mfuti amakhala ngati wainyamulabe.

Anandiuza kuti ndiyankhule m'Chitumbuka kapena m'Chinyanja kuti aliyense amve. Ndinakana. Alendo abwera kuchokera kutali, ndiye ndiwalandire ndi chiyankhulo cha kumunda? Tinagwirizana kuti ine ndiziyankhula Chingerezi, ndipo ahedi a pasukulupo, a Ngulube, azimasulira. Ndinavala jekete la ukwati wa mwana wanga. Ndinagogoda chimkuzamawu ndi chala monga amachitira andale.

Chingerezi chonsecho sindikubwerezerani, ndingokupatsani tanthauzo lake. Mawu amodzi okhawo ndiwasiya mmene analili, poti ndiwo mwini nkhani.

Ndinayamba ndi kuthokoza alendo. Ahedi anamasulira bwinobwino. Ndinafotokoza mmene ng'ombe zathu zimaondera chilimwe. Anamasuliranso, anthu akugwedeza mitu. Kenako ndinapuma pang'ono, ndinakweza chifuwa, n'kunena kuti chaka chino moyo wanga wasintha, chifukwa ine ndi Mrs Mtonga tayamba roll in the hay.

Ahedi anatsokomola. Anandiyang'ana, anayang'ana a Mtonga, n'kuuza anthu kuti, "Akuti chaka chino ayamba nchito ya udzu."

Ndinapitiriza. Ndinati timachita masana kuseri kwa khola, makamaka amuna ake akakhala kuthengo, kuti pobwera apeze zonse zatheka. Ndinati poyamba mayiyu ankatopa msanga ndipo ankadandaula msana, koma pano ndi katswiri, moti masiku ena amandiitana yekha.

"Akuti... Nyazimba ni wolimbikila," anatero ahedi. Thukuta linali litayamba kuwatsika, mu Juni muja.

Anthu a pamphasa anaomba m'manja. Nyazimba anaweramitsa mutu mwaulemu, ngati munthu woyamikiridwa. Koma mutenti zinthu zinali zachilendo. Mkulu wina wa ku boma anali ataluma kapu yake. Wina ankayang'ana kumwamba ngati tenti yalembedwa nkhani. A Kolini anali atafiira ngati tomato wa kudimba. Ine ndinati mumtima, waona, Chingerezi chikawafika pamtima amatero.

Chimene chinandinyansa n'chakuti ahedi ankadula mawu anga. Ine ndiyankhule mtunda wautali, iwo amasulire mawu atatu? Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya anthu ophunzira. Ndiye ndinasendera pafupi ndi chimkuzamawu n'kukweza mawu. Ndinati ndinapempha akazi anga kuti tizichita limodzi, koma anakana, akuti zimawayabwa. Ndinati ulemu wonse upite kwa a Kolini, chifukwa tsiku limene anatipeza tikugubuduka sanatidzudzule, anatilimbikitsa.

"Akuti Mulungu ni wabwino," anatero ahedi.

"Amen!" anayankha amayi a pamphasa, akazi anga ali momwemo.

Ndinatsiriza ndi mtima wopatsa. Ndinati ine si munthu womana. Ndine wokonzeka kufika pakhomo pa mayi aliyense wa m'dera lino, wamasiye kapena wapabanja, kudzachita naye roll in the hay kwaulere, bola akonzeretu malo. Ndinatembenukira kwa abusa n'kunena kuti ngakhale kwawo ndikhoza kuyambira Lolemba. Ndipo poti kumva sikufanana ndi kuona, ine ndi Mrs Mtonga tikuonetsani pompano, pamaso pa nonse.

Apa ahedi sanamasulire. Anangowerama n'kuzula waya wa chimkuzamawu.

Nyazimba, poona kuti ndikuloza bokosi, anaimirira n'kumanga chitenje kuti tiyambe chionetsero. A Mtonga sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Khala pasi," ndipo mawuwo anamveka bwalo lonse popanda waya. Nyazimba anakhala. Ndinaona abusa akunong'onezedwa ndi mkulu wa ku boma, kenako anavula magalasi n'kutseka maso ngati akupempherera maliro.

Mwambo unatha mofulumira modabwitsa. Anthu akubalalika, ndinamva dzanja lolemera la a Mtonga paphewa.

"Adada, tiyeni tiyendeko pang'ono."

Tinayenda mpaka kuseri kwa kalasi. A Mtonga anaima, manja kumbuyo, n'kundiyang'ana mmene ndikuganiza kuti amayang'anira munthu wogwidwa ndi nyama ya mbawala m'thumba.

"Mawu aja munawatenga kuti?"

"Kwa a Kolini. Ni mawu a sayansi ya ziweto."

"Amatanthauza chani?"

"Kukulunga udzu wouma." Ndinawaonetsa ndi manja mmene timakulungira.

Nsagwada zawo zinkayenda ngati akutafuna chimanga chokazinga.

"Muli na mwana ku Lusaka, eti? Uja nesi?"

"Enya, Tamala."

"Kamufunseni. Nikakuuzani ine, nizafunika kukumenyani pambuyo pake, ndipo ndimwe akulu kwa ine."

Anatembenuka n'kumapita.

Sindinafunike kumuimbira Tamala. Titangofika kunyumba foni inalira, ndipo anali iyeyo. Munthu wina wachifundo anali atajambula zoyankhula zanga zonse n'kuzitumiza, ndipo zinafika ku Lusaka ine ndisanavule jekete. (Feteleza amatenga miyezi kuti afike kwathu kuchokera ku Lusaka. Manyazi amayenda ulendo womwewo madzi a tiyi asanawire.)

"Adada," anatero mwana wanga, mawu ali ang'onoang'ono.

"Wamva Chizungu cha awiso?"

"Namva. Adada... apatseni amama foni."

"Uniuze ine. Mawu aja amatanthauza chani?"

"Siningakambe na imwe vimenevo. Apatseni amama."

Ndinapereka foni. Akazi anga anaimirira pakhomo la khitchini, chikho chili m'manja. Ndinkangomva mbali yawo. "Ee... Ee... Aa?... Na Nyazimba?... Anati ine chani?" Chikho chinagwa. "Chiuta wane!"

Anadula foni n'kuiika pansi pang'onopang'ono, ngati dzira.

"Awiske Tamala, mwauza boma lonse kuti imwe na mkazi wa mwini mumachita za m'chipinda kuseli kwa khola."

"Bodza!"

"Kuti poyamba anali kutopa, koma manje amakuitanani yekha."

"Ine nimakamba za udzu!"

"Kuti Mande muyambila kwa amayi abusa. Ndipo ine," apa mawu anakwera, "ine ninakana chifukwa vimaniyabwa. Ine! Ndipo ninayankha ameni!"

Munthu akamamira amagwira ndi thovu lomwe. Ndinayamba kulimbana ndi Chingerezicho. Ndinati m'mawu amenewo mulibe bedi, mulibe mwamuna, mulibe mkazi, muli udzu basi. Anthu anzeru zawo angatenge bwanji chakudya cha ng'ombe n'kubisamo nkhani zoterozo?

"Nanga ise tikakamba kuti uje na uje anakhala malo amodzi, timakamba za mpando?" anafunsa akazi anga. "Tikati mwamuna analowa m'nyumba, nkhani ni ya chitseko? Mtundu ulionse umavibisa vinthu ivi. Azungu anabisa vawo muudzu, imwe mwakavifukula na jekete ya ukwati."

Tsiku limenelo ndinadya ndekha, ndipo ndiwo zinali zopanda mchere mwadala.

M'mawa mwake kunabwera a Kolini pagalimoto. Anapepesa kwambiri, dzanja lili pamtima. Anati inali nthabwala chabe, sanaganize kuti ndiitenga. Atatha kupepesa anakwera galimoto yawo n'kubwerera ku Lusaka, kumene kulibe amene amatunga madzi chitsime chimodzi ndi Nyazimba.

Nyazimbayo anafika dzuwa litakwera. Ndinkayembekezera kuti akuwa, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anakhala pamphasa pafupi ndi akazi anga, osandiyang'ana.

"Lelo pachitsime nafika, onse anakhala chete," anatero. "Nachoka, ayamba kuseka. Apongozi anga sananiyankhe moni. Amayi abusa atuma uthenga kuti niyambe napumula pa udindo mpaka nkhani imveke."

"Amama, ine sininadziwe."

"Nidziwa kuti simunadziwe. Na amuna anga adziwa. Koma ine nizayenda khomo na khomo kuuza anthu kuti mudala uja ni mbuli chabe? Ine ninabwela ku bokosi chifukwa cha ng'ombe zanga. Chizungu chanu chanivula chitenje pamaso pa apongozi."

Apa nthabwala zinandithera. Mayiyu anamanga dzina lake zaka zambiri, osakangana ndi munthu, osanenedwa kanthu. Ine ndinaligwetsa masana amodzi pofuna kuti alendo adziwe kuti kwa Kapichila kulinso anthu oyankhula. Ndinafunsa chimene ndingachite.

"Pa Sande muimilile m'chalichi. Mukambe vonse. M'chitundu chathu, osati cha pamasaka."

Lamulungu tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi. Anabwera ndi anthu amene ndinkaganiza kuti anasamukira ku mipingo ina. Itakwana nthawi ya zolengeza, abusa anandiitana kutsogolo, osandiyang'ana kumaso. Ndinaimirira n'kunena kuti tsiku la chionetsero ndinayankhula mawu a Chingerezi amene sindinkawadziwa, ndipo mawuwo anaipitsa dzina la mayi wosalakwa.

Ndinkaganiza kuti ndathana nazo. Koma taonani msampha wake. Achinyamata ndi a pachitsime ankadziwa nkhani yonse, koma okalamba ambiri anangomva zoti Mulungu ndi wabwino. Ndiye anayamba kuyang'anana. Mawu anji? Anaipitsa bwanji? Abusa anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Fotokozani bwino, akulu a mpingo, kuti pasakhale wokayika."

Munayamba mwayesapo kufotokoza zinthu zoterozo m'nyumba ya Mulungu, akazi anu ali kumanzere, apongozi a Nyazimba ali kumanja? Ndinazungulira ngati ng'ombe yopuntha mapira. Ndinati mawuwo kunja kwake ndi udzu, koma mkati mwake ndi zina. Ndinati ndi zimene zimachitika pakati pa bambo ndi mayi ana akapita kwa agogo awo. Ndinati azungu akafuna kutchula zimenezo mosabisa kwenikweni koma mobisa, amati anthu agubuduka paudzu.

Kutsogolo kunakhala mdala wina wogontha, wamkulu kuposa tonse mumpingomo. Anaika dzanja kukhutu n'kufunsa mokweza, "Wati vichi?"

Mnzake wokhala naye pafupi anawerama kuti amunong'oneze. Koma kunong'oneza munthu wogontha ndi kulengeza. Tchalitchi chonse chinamva tanthauzo lija m'mawu osavala, amene ine ndinakhala ndikuwazemba. Kunagwa bata loti ukanamva nyerere ikuyenda.

Mdala uja anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu mwachisoni.

"Paudzu? Kansi azungu alibe mphasa?"

Tchalitchi chinaphulika. Amayi anagwerana, achinyamata anathawira panja, abusa anabisa nkhope kuseri kwa buku la nyimbo. Ndinaona mapewa a Mtonga akugwedezeka, nkhope ili gwa ngati mwala. Apongozi a Nyazimba ankapukuta misozi ndi mpango. Ndipo Nyazimba mwini wake, mayi wosaseka zachabe uja, anali ataluma nsonga ya chitenje, akulephera kupuma.

Kuseka kumeneko n'kumene kunamupulumutsa. Kunachoka pa iye n'kudzatera pa ine, ndipo sikunasamukenso. Potuluka m'tchalitchi wina anakuwa kuti, "Yewo, a Rolo!" ndipo pofika madzulo ngakhale ana osadziwa kupenga mamina ankandiitana choncho. Nyazimba anabwerera pa udindo wake sabata yotsatira. Ine anandipumitsa ukulu wa mpingo kwa kanthawi, akuti ndikalingalire za lilime.

A Mtonga sanandimenye, koma sanandisiyenso. Anatenga tchuthi, ndipo m'mawa wina anafika pakhomo panga, chingwe chili paphewa.

"Tiyeni, a Rolo. Lelo muchita na ine."

Ndinaponda udzu wawo wonse, ndi wa achimwene awo, ndi wa apongozi awo. Iwo ankakoka chingwe osayankhula, ndipo bokosi likangopendekeka ankati, "Mukagwa, mugwe mweka." Chilimwe chimenecho ng'ombe za a Mtonga zinali zonenepa kuposa zonse m'dera lathu. Anthu ambiri anafuna kuphunzira, ndipo ankandiitana ndithu, kungoti pakhomo lililonse ndinkapeza mwamuna atakhala pampando pafupi ndi bokosi, ngakhale amuna amene sanagwirepo chikwakwa chibadwire.

Pano kunyumba kwathu kuli lamulo. Mawu alionse a Chingerezi amene ndatola ayenera kudutsa kaye pachipata. Ndimauza akazi anga, iwo amaimbira Tamala, yankho limabwerera njira yomweyo. Ndimamvera, nanga ndichitenji.

Mwezi wathawu ndinamva pawailesi munthu akunena za mnyamata amene anapita ku tauni kukachita sowing wild oats. Mtima unadumpha. Sowing ndi kufesa, wild ndi zakutchire, ndipo oats ndinamvapo kuti ndi mbewu imene azungu amadyetsa ziweto. Kufesa msipu wa kutchire! Ndendende zimene tikufuna kuyamba chaka chamawa m'madambo athu. Ndinapereka mawuwo kuchipata. Akazi anga anaimba foni, anamvetsera, n'kubwerera akupukuta manja pachitenje.

"Akuti chani?" ndinafunsa.

"Akuti mukangoyesa kufesa vimenevo, mbewu zake zikabadwa muzakalela mweka. Ndipo ine nikuti mukawatchula pagulu, mukagone kukhola."

Ndinavomera kuti ndamva. Koma abale, tanenani mawuwo pang'onopang'ono mumve mmene akukomera pakamwa. Msonkhano wa alimi uliko mwezi wamawa, ndipo andipempha kuti ndikayankhulepo za msipu.